Timitengo tofiira timene munationa, amayi

Amayi, ndikulemba ndili pabenchi kuchipatala kuno, mdzukulu wanu Tadala ali kumsana. Chifuwa sichikundisiya, ndaonda, ndiye lero anditenga makhololo. Akuti ndibwere mawa kudzamva zotsatira. Chitseko cha ku labu chitatseguka ndinaona makina aja okuza tizilombo, maikulosikopu, ali pamalo pomwe paja. Kodi mukukumbuka tsiku lija? Adokotala atakuuzani kuti muli ndi chifuwa chachikulu munakana. Munati, "Ine ndidwale ndi zinthu zosaoneka? Ndionetseni kaye." Abambo a ku labu anaseka n'kukulolani kusuzumira. Munatseka diso limodzi ndi nsonga ya chitenje, n'kugwira mpweya kuopa kuti mungatiuluze tikalowe mwa ine. Mutaweramuka munati, "Timitengo tofiira timeneti, tochepa kuposa utitiri wa nkhuku, ndi timene tagwetsa ine, wokwera phiri ndi thumba la mbatatesi pamutu? Aa, manyazi bwanji!" Tonse tinaseka, inu mpaka kutsamwa. Sindinkadziwa kuti mvula yotsatira idzagwa pamanda panu.

Lero ine sindinapemphe kuona, amayi, mtima wanu uja ndilibe. Akuti mankhwala alipo, ndipo akandipatsa ndidzamwa onse osadumphitsa. Koma ndili ndi mantha basi. Tadala sanayambe n'kuyenda komwe, angamulere ndani? Mukandiona ndikubwera kumeneko, chonde musandilandire. Mundibweze, mwanayu akuyamwabe.