Gwape wa m'tsala la atate

Ndimaphunzitsa za nyama zakutchire pa univesidade, koma ophunzira anga ambiri gwape amangomudziwira pa chithunzi. Chithunzicho ndinachitenga kwathu, cha ku Ntengo-Wambalame, ndi kamera ija timamangirira pa mtengo kuti izijambula yokha chilichonse chodutsa.

Malowo ndi munda umene atate anatsegula atabwera chikamwini kwa amayi. Nkhondo itavuta tinathawira ku Malawi, atate n'kutsikira kuli chete komweko, ndipo titabwerera palibe analimba mtima kuikamo khasu. Anzathu anagwetsa mitengo paliponse mpaka mapiri kuyera, koma tsala lathulo linakula n'kusanduka kankhalango ka misuku ndi mombo. Pakati pa minda ya chimanga ndi kachewere, pobisala nyama panatsala pokhapo. Ndinapezamo nkhwali, changa, ndi gwape mmodzi wamkazi wong'ambika khutu. Chaka ndi chaka ndinkabwera pa shapa, kaminibasi ka kwathu, kudzaona zithunzi zake, ndipo ndinkamunyadira ngati mwana wanga.

Tsono amayi ndi amalume atatha, mwini mbumba ndinatsala ine. Nkhani ya minda ya ana a mlongo wanga inagwera pamutu panga, kaya ndifune kaya ndisafune.

Chilimwe china mlongo wangayo anandikhazika pakhonde. Mwana wake wamkazi anali atangokwatiwa, ndipo mkamwini analibe polima.

"Achimwene, anawa adya chiyani? Munda wa amayi uja waguga, mukuudziwa. Tipatseni tsala lija."

"Achemwali, muli gwape mmenemuja. Mukadula, apita kuti? Kwina konse kwayera."

Anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe.

"Entawu tsono, sinyolo pulofesoli, bwana mphunzitsi, mbumba yanu ndi gwape? Akadzadwala mdzukulu wanu, gwapeyo ndiye adzapite naye ku ospitale?"

Mtima unanditentha. Ndinamufotokozera zonse zimene ndimauza ophunzira: kuti nkhalango imasunga madzi a kudimba kwake komwe, kuti nyama ikatha pamalo sibwereranso. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali pamiyendo.

"Zonsezo n'zoona," anatero. "Koma inu mumadya ku sidade, kutauni uko. Ife timadya pano."

Ndinazengereza mwezi wathunthu. Ndinafunsa kwa achibale ngati pali malo ena, koma aliyense anali ndi ana ake omupanikiza. Kutchalitchi anthu anayamba kundipatsa moni wozizira, ndipo ndinamva kuti akuti xikola, sukulu yangayi, inandidya mutu. Zinandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti sindikulakwa, komanso kuti mlongo wanga sakulakwa. Magazi ndi magazi, ndinavomera.

Mwambo wake ndi woti mwini mbumba ayende yekha kuonetsa malire. Ndinatsogola ndi nkhwangwa, mkamwini ali pambuyo, ndikusema makungwa a mitengo yomwe ndinkaidziwa umodziumodzi. Ndinamasula kamera yanga n'kuiponya m'chikwama. Ndinapempha kuti asiyeko kachigawo ka kumtsinje, ndipo mkamwiniyo, munthu waulemu wake, anavomera ndi mtima wonse. Koma ine ndi amene ndimaphunzitsa kuti gwape sangakhale m'kachitsamba kongokwana mphasa zingapo. Ndinkangodzitonthoza.

Anadula, mitengo inauma, ndipo mvula ili pafupi anatentha. Tsikulo ndinali kumudzi. Sindinapiteko. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana utsi, kenaka ndinamva agalu akuuwa ndi anthu akukuwa cha kumtsinje. Phokosolo silinatenge nthawi.

Dzuwa litapendeka mlongo wanga anabwera ndi mbale yovundikira. Anagwada patsogolo panga, chinthu chimene sachita masiku ena onse, n'kuvundukula. Munali mwendo wathako wa gwape, ubweya wake wotuwa udakali kuchiboda.

"Mkamwini wanu akuti nyama yoyamba ya m'munda watsopano sangadye malume asanalandire," anatero, maso ali pansi. Kenaka anatsitsa mawu. "Anatulukira yekha pamoto, achimwene. Agalu anali pomwepo."

Kuseri kwa nkhokwe mkamwini anaima chipewa chili m'manja, kudikira kuti aone ngati ine, apongozi ake, ndimulandira m'banjamo. Misozi inali pafupi. Ndinatambasula manja onse awiri n'kulandira mbaleyo.

"Mumuuze kuti ndathokoza," ndinatero.