Mthuthuthu wa NyaMtonga

Ku Chikomeni ukafunsa za Faides Mtonga anthu amayamba akanda kumutu, koma ukati NyaMtonga wa pachigayo aliyense amakulozera njira. Mayiyu anabadwira ku Kapichila mu 1951. Sukulu sanapite nayo patali. Anakwatiwa ndi Whiteson Zimba, amene anali ndi chigayo cha dizilo m'mphepete mwa msewu wopita ku Lundazi, ndipo anabereka naye ana anayi.

Whiteson ankadwala mphumu, ndipo fumbi la ufa linkamubanikitsa. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kukhala pakhomo pa chigayo n'kumauza mkazi wake chochita: masula apo, limbitsa lamba, mvetsera injini ikulira bwanji. Pamene ankamwalira mu 1988, NyaMtonga anali atamasula ndi kumanganso injini ija kawiri ndi manja ake. Achibale a mwamuna anaganiza zolanda chigayocho, koma ataona kuti palibe mmodzi wa iwo amene ankatha kuchiliza, anamusiyira.

Mu 1992 mvula inakana. Chimanga chinapserera m'munda chisanamasule, ndipo chigayo chinkatha sabata yathunthu osalira. NyaMtonga sankadziwa kukhala manja lende. Tsiku lina atapita kumaliro kwawo ku Kapichila, anamva amuna akucheza za nkhalamba ina, a Danwell Chirwa, amene ankasunga mthuthuthu wakufa m'chigafa cha fodya ngati kuti ndi chuma. NyaMtonga anakumbukira mmene ankavutikira chitsulo cha chigayo chikathyoka: kupalasa njinga tsiku lonse mpaka ku boma, kapena kudikira lole pamsewu masiku awiri. M'mawa mwake anapita kukauona.

Unali mthuthuthu wa ku Mangalande wa m'zaka za m'ma 1950, wolemera ngati thole. Matayala anali atafumbwa, mpando makoswe anadya kalekale, ndipo m'paipi ya utsi mavu anali atamangamo zisa. A Danwell anali mesenjala wa mzungu wina wa zaulimi, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira njingayo. Anaikwera mpaka 1979 pamene inazima osadzukanso. Tsopano maso awo anali atachita khungu, ankangoona mbuu.

NyaMtonga atapempha kuti aigule, a Danwell poyamba anakana. Anati anthu ambiri anabwerapo, koma onse ankafuna mawilo okha kuti akapangire ngolo. NyaMtonga anawauza kuti iye sakufuna kuidula, akufuna kuti iyende. Nkhalambayo inapempha kuti igwire manja ake. Inasisita zikhatho zokhakhala zija, zala zamabala a sipanala, n'kugwedeza mutu.

"Awa ni manja a nchito," anatero a Danwell. "Tengani, amama. Koma ikalila, nizaimve nikali moyo."

Anagwirizana kusinthana ndi thole limodzi. Mthuthuthu unafika ku Chikomeni utagona cham'mbali pa ngolo ya ng'ombe, anthu akuutsatira ndi chiseko. Mlamu wake, Mizeck Zimba, mng'ono wa malemu Whiteson, sanaseke. Anati chaka cha njala munthu wanzeru sataya ng'ombe chifukwa cha dzimbiri, ndipo mkazi wamasiye amene akufuna kukwera honda ngati mnyamata akuchititsa manyazi banja. NyaMtonga anamuyankha mwaulemu kuti thole linali lake, logula ndi thukuta la pachigayo, ndipo msipu umene likanadya chaka chimenecho kunalibe.

Anaika njingayo m'chigayo momwemo, pambali pa injini yaikulu. Anayala masaka pansi n'kuyamba kumasula, chitsulo chilichonse akuchiika motsatana ndi chinzake kuti asasokoneze pomanga. Pisitoni inali itagwirana ndi dzimbiri, osasuntha ngakhale pang'ono. Anathiramo parafini wosakaniza ndi dizilo, ndipo m'mawa uliwonse ankaika kachipika ka mtengo wa muwanga pamwamba pake n'kugogoda katatu kapena kanayi basi. Anachita zimenezi masabata atatu. Tsiku lina Lachiwiri anamva kuti khwe, pisitoni yatsika.

Zina zinali zosavuta koma zotopetsa. M'thanki anaikamo timiyala ndi parafini, ndipo amayi obwera kudzagayitsa chimanga chachikasu cha chithandizo ankamuthandiza kuikhutchumula akudikira ufa wawo, mpaka dzimbiri lonse linatuluka. Magasiketi, otseka mipata pakati pa zitsulo, anadula pa katoni yolimba. Mpando anaukuta ndi chikopa cha mbuzi. Matayala ndi maringi a pisitoni anamubweretsera dalaivala wa lole yonyamula thonje, atafufuza m'magalaja a ku Chipata mwezi wonse. Chimene chinamukanika ndi magineto, kachipangizo kopereka moto ku pulagi. Anakamanga m'chitenje n'kupalasa njinga mpaka ku Lundazi, kumene mkulu wina wokonza mawailesi anakakulunga ndi waya watsopano.

Kumapeto kwa Seputembala zonse zinali m'malo. Anthu anasonkhana pachigayo. NyaMtonga anathira petulo, anaponda chitsulo cholizira ndi mphamvu zake zonse, koma chitsulocho chinabwerera ngati bulu womenya theche. Chinamumenya pakakolo n'kumugwetsera pa masaka. Anthu ena anaseka, ena anathamangira kukamudzutsa. Phazi linatupa, ndipo anayenda ndi ndodo masabata awiri.

Mizeck anabwera kudzamuzonda ndi mawu okonzeka. Anati chinthucho chaonetsa chokha kuti si cha akazi, ndipo iye wapeza kale munthu wofuna mawilo. Kunena zoona mtima wa NyaMtonga unali utagwa, chifukwa sankadziwa pamene analakwitsa. Injini za dizilo ankazidziwa ngati ana ake, koma iyi inali ndi khalidwe lina. Mlamuyo atachoka, anatumiza uthenga ku Kapichila kuti mthuthuthu wakanika kulira.

Patapita masiku anayi a Danwell anatulukira pa ngolo, akazi awo a Agness atawagwira dzanja. Atapatsana moni, sanafune n'kukhala pansi komwe. Anapempha kuti awafikitse pa njinga. Anayendetsa zala pa zogwirira mpaka anapeza timaliva tiwiri, tizitsulo tofinya ndi zala, kumanzere, n'kufunsa ngati anatigwira poliza. NyaMtonga anati ayi, ankaganiza kuti n'tokongoletsa chabe kapena ta nyale. Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. Inafotokoza kuti kamodzi n'kochedwetsa moto poliza, kena n'kotulutsa mpweya kuti pisitoni idutse pamwamba. Inati nayonso mu 1958 inagona masiku asanu ndi bondo lotupa chifukwa cha timaliva tomweto.

Anagwira ntchito limodzi masiku awiri, wina maso, wina chikumbukiro. A Danwell anamuuza kuti achotse pulagi, alowetse kamtengo pabowo, adinde chizindikiro pamene pisitoni yafika pamwamba, kenako atchere magineto kuti moto uzifika pang'ono isanafike. NyaMtonga anapeza kuti poyamba anatchera motsogoza kwambiri.

Linali Loweruka masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anthu anali ochepa ulendo uno, popeza ambiri anali atataya chikhulupiriro. NyaMtonga anachita monga anauzidwira: kuchedwetsa moto, kufinya kaliva, kutsitsa mwendo pang'onopang'ono, kusiya kaliva, kenako kuponda. Koyamba injini inangopuma. Kachiwiri inatsokomola. Kachitatu inabangula, utsi wakuda n'kudzaza chigayo chonse, nkhuku zikuthawira kutchire. A Agness anayamba nthungululu, amayi ena n'kulandira. Anthu anatuluka m'nyumba akuthamanga, ena ufa uli m'manja.

A Danwell anavula chipewa. Misozi inkatsika m'masaya mwawo koma khutu anali atatchera.

"Ikudya mafuta maningi, opitirira muyeso," anatero mokweza kuti amveke. "Zungulizani kasikuluwu ka pansi, pang'ono chabe."

NyaMtonga anakazunguliza, ndipo kulira kuja kunakhazikika, thu, thu, thu, ngati mtima wa munthu wopuma bwino.

Kuliza kunatheka, kukwera kunali kusanayambe. Anaphunzirira pabwalo la mpira la pasukulu, atavala ovolosi ya malemu mwamuna wake, chitenje atamanga m'chiuno. Anagwa kawiri, ndipo kamodzi anakalowa m'mpanda wa aphunzitsi. Pofika pakati pa Novembala ankazungulira bwalo lonse osaponda pansi. Ulendo wake woyamba wa ku Lundazi anatenga a Danwell kumbuyo. Mtunda umene unkamudyera tsiku anaumaliza dzuwa lisanatenthe. Pamsika malonda anaima. Amayi ogulitsa tomato anamuzungulira akumugwira chanza, amuna akugwada kusuzumira injini, nkhalamba ija ili pampando ikuwafotokozera zaka za njingayo ngati ikutchula mbadwo wa mwana wake.

Mvula ya dzinja lotsatira inagwa bwino, ndipo mu 1993 chigayo chinalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma mthuthuthu unamutsegulira ntchito ina imene sanaiganizire. Eni zigayo ndi mapampu a m'midzi yakutali, mpaka kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, anayamba kumuitana zinthu zikawonongeka, chifukwa makaniko wa ku boma ankatenga sabata kuti afike pamene iye ankafika tsiku lomwelo, bokosi la masipanala atamangirira kumbuyo. Mu 1994 anayenda yekha mpaka ku Chipata n'kubwera ndi laisensi.

Mu 1998 kunabwera bambo wina wa ku Lusaka wokonda kusonkhanitsa magalimoto ndi njinga zakale. Anali atamva mbiri yake ku Lundazi. Anazungulira njingayo kangapo, kenako anati ali wokonzeka kumupatsa yatsopano, yoliza ndi batani, kuti asinthane. NyaMtonga anamupatsa mpando, anamukazingira mtedza, n'kumulola kujambula zithunzi mmene angafunire. Koma za kusinthana anakana.

"Yatsopano ikafa pathengo, nizayamba kufunsa anthu," anatero. "Iyi nikuidziwa mkati monse."

Mlendoyo anafuna kuumirira, koma uthenga unali utafika kale m'mawa kuti pampu ya pachipatala chaching'ono cha kutsidya kwa dambo yaleka kutulutsa madzi. NyaMtonga anapepesa, anatsazika, n'kunyamuka.