Njinga Zisanu ndi Ziwiri za a Fello

A Fello Tavárez anagwira ntchito yothira mafuta kwa zaka zinayi pa siteshoni ina kunja kwa tauni ya Cotuí, pamsewu wothera m'minda ya mpunga. Siteshoniyo inali yokongola ngati za ku likulu: mapampu asanu ndi atatu, magetsi oyaka ngakhale dera lonse litazimitsidwa. Koma magalimoto kunalibe. Mwini wake anali mlamu wa nduna ina, ndipo a Fello, amene anakhala zaka zambiri osalembedwa ntchito chifukwa cha mwendo wolumala, ankaitenga ndunayo ngati kholo.

Lachisanu lililonse boma likamalengeza mtengo watsopano wa mafuta, akabaza a njinga zamoto ankadzaza pamthunzi wa siteshoniyo, wailesi ili pakati, mkangano n'kubuka.

"Akwezanso, madala!" anatero Yunior, wakabaza wolongolola kuposa onse. "Kawauzeni abwana anu kuti njingayi tiyamba kuimwetsa khofi."

"Mafuta amakwerera kunja, mphwanga. Nduna ilibe chitsime cha mafuta kuseli kwa nyumba," anayankha a Fello.

"Nanga nyumba ya ku Miami anaigula ndi mapemphero?"

A Fello ankangopukusa mutu. Komabe chinthu chimodzi chinkawazunguza: thanki yobweretsa mafuta inkabwera kamodzi pa miyezi itatu, koma mlamuyo sanadandaulepo n'kamodzi komwe. Bizinesi yanji yosakwiyitsa mwini wake? Ankaliganizira funsolo kenako n'kulisiya, poopa kuti lingawadyere ntchito.

Tsiku lina kunafika mtsikana wa nyuzipepala, dzina lake Marisol. Aphungu anali atayamba kuifunsa ndunayo za chuma chake. A Fello anaona kuti mpata woyeretsa dzina la munthu wawo wapezeka. Anamukhazika mlendoyo pampando, n'kumupatsa khofi.

"Mwana wanga, anthu akuti banja la anduna likulemera ndi mafuta. Bodza! Taona wekha. Pano tsiku labwino ndi njinga zisanu ndi ziwiri. Galimoto yomaliza inabwera Lachiwiri, kudzafunsa njira. Akulemera ndi chiyani?"

"Zisanu ndi ziwiri, agogo? Ndilembe choncho?"

"Lemba, ndi dzina langa lomwe."

Nkhaniyo inatuluka Lolemba. Yunior ndiye anawawerengera, misozi ya chiseko ili mbwee. Nkhaniyo inaulula kuti kuboma mlamuyo ankanena kuti siteshoniyo imathira magalimoto chikwi patsiku. Ndalama zakuba zinkalowera pamenepo n'kutulukira kubanki zikuoneka ngati za mafuta.

"Madala, aphungu onse alephera, inu mwaigwetsa nduna ndi kapu ya khofi!"

Siteshoniyo anaitseka sabata yomweyo. Masiku ano a Fello amagulitsa petulo wa m'mabotolo pakhomo pawo, ndipo samalankhula zoipa za ndunayo. Amangofunsa aliyense wophunzira amene waima kudzagula kuti awafotokozere bwinobwino, pang'onopang'ono, mmene banki imalandirira ndalama za magalimoto amene sanadutsepo.