Miyala Iwiri Pansi pa Matayala

Inu owerenga, ine ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo mwanayo ndinatsala pang'ono kumutaya chifukwa cha nzeru zanga zomwe, pomwe ndinkati ndikumuteteza. Ndikulemba izi iye ali mtulo pamphasa, pafupi ndi phazi langa. Masiku ano sindimugoneka pomwe maso anga sakufikapo. Dzina langa sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti a ku Madisi akangomva za galimoto yomwe ndikufuna kunenayi andizindikira, poti ina yotero kulibe.

Amuna anga ndi makaniko. Ine ndinapita ku koleji, ndili ndi satifiketi ya kasamalidwe ka ana, ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya mkombaphala. Musaiwale zimenezi pamene mukuwerenga. Ndine munthu amene makolo ena amamusiyira ana awo m'mawa n'kupita kuntchito mtima uli m'malo.

Galimotoyo amuna anga anaipeza pa esiteti ina ya fodya cha ku Nachisaka, komwe anapita kukakonza thirakitala. Inali m'shedi, matayala ataphwa, nkhuku za matenanti zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Mwini esitetiyo anati inabwera ndi malemu bambo ake kalekale kuchokera ku America, ndipo anawauza kuti ngati akuifuna aichotsepo. Tsiku lokaikoka ndinapita nawo. Mayi wina wa ku Mulanje, mkazi wa tenanti, anaima chapatali ndi khasu lake n'kutiuza kuti, "Imeneyotu imayenda yokha, achimwene." Anati tsiku lina anadzuka n'kuipeza ili kunja kwa shedi, itagunda khoma la balani, popanda munthu woiyendetsa. Ine ndinaseka. Ndinati m'mtima, anthu awa chilichonse ndi ufiti.

Sindikubisirani, galimotoyo ndinaikonda. Inalibe chokongoletsa chilichonse. Inali yaitali, yotambalala, ya makona anayi, mbali zake zosalala ngati zositidwa, mtundu wake ngati tiyi wamkaka. Chiwongolero chinali kumanzere, giya yake ili pa chiwongolero pomwepo. Mipando inali iwiri yokha, wakutsogolo ndi wakumbuyo, koma uliwonse wautali ngati sofa. Chitseko chake ukachitseka chinkalira mozama, phokoso lakunja n'kuzimiririka. Amuna anga anathera nayo miyezi yambiri, ndipo tsiku lomwe injini inalira anandinyamula kupita nane ku msika. Mabampu omwe minibasi imakugwedeza nawo mpaka mano, iyo inkangowameza. Anyamata a kabaza anaitcha Bokosi. Wina ankakuwa tikamadutsa kuti, "Abwana, bokosi lanulo muli maliro a ndani?" Tinkaseka nawo limodzi. Ine mwana wa mphunzitsi wa pulayimale, amene ndinakula ndikukwera matola, ndinkamva bwino anthu akamatembenuka.

Panali chizolowezi chimodzi chomwe amuna anga anali nacho. Paliponse akaima, ankatsika, n'kufunafuna miyala, n'kuikankhira pansi pa matayala ndi nsapato. Nditawafunsa anati chingwe cha buleki yoimikira chinaduka kale, ndipo china chotero kuno sichipezeka. Giya imagwira, anatero, koma ndi yotopa. Ndinawayankha mwanthabwala kuti ndiye kuti buleki yathu timatola m'njira. Komwe timakhala ku Madisi ndi kwa fulati, galimotoyo sinasunthepo ngakhale pang'ono. Motero mawuwo ndinawamva ngati nthabwala basi, osati ngati chenjezo.

Mwana wathu Tadala atabadwa, mpando wakumbuyo uja unasanduka bedi lake lachiwiri. Kutchalitchi akagona, ndinkamugoneka mmenemo. Kugalaja kwa bambo ake, mmenemo. Munali mozizira bwino, mopanda fumbi, mopanda ntchentche. Ndinaleka kuiona ngati galimoto. Kwa ine inali chipinda.

Chaka chatha fodya atagulitsidwa, abale a amuna anga anagwirizana zomanga chiliza pamanda a malemu apongozi anga aamuna. Kwawo ndi kumapiri, kumtunda kwa Malomo. Amene munafikako mukudziwa kuti kumeneko malo afulati ndi pakhonde pokha. Nyumba zili pamtsetse, kumunsi kwake minda, kumunsi kwa minda madimba ndi kamtsinje. Amuna anga anaimika galimoto kumtunda kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, itayang'ana kumunsi. Ndinawaona akusankha miyala iwiri ikuluikulu yaphwatalala, n'kuikhomerera kutsogolo kwa matayala. Atatha anatsagana ndi azibambo kumanda, ife azimayi n'kutsala kuphika.

Tadala anali atangochira chifuwa chomwe chinatigoneka m'chipatala. Anali asanayambe kuyenda bwinobwino. Aliyense pamudzipo ankafuna kumunyamula, poti ena anali asanamuonepo. Anachoka m'manja umu kupita m'manja umo. Gogo wina amene ankatsokomola kwambiri anamumwetsa thobwa m'kapu yomwe ankamweramo yekha. Ine ndinangopitiriza kuphika. Mtengwa wa kutauni, wa satifiketi, ungauze bwanji akuchimuna kuti musagwire mwana wanga? Mawa lake mudzi wonse ukanati mkazi wa uje ndi wonyada.

Atayamba kusinza, apongozi anga aakazi anati, "Kamugonekeni m'nyumbamo, amake Tadala, muli anzake." Ndinasuzumiramo. Munali ana ambiri, ena a chimfine, utsi uli tolo. Ndinavomera ndi pakamwa, koma ndinazungulira kuseri kwa nyumba n'kukwera kumtunda. Ndinayala chitenje pampando wakumbuyo, ndinamugoneka, ndinatsitsa magalasi pang'ono kuti mphepo izilowa, n'kutseka chitseko mwakachetechete. Sindinauze munthu. Ngakhale mmodzi. Ndinabwerera kumoto ndikudziyamikira kuti ndachita mwanzeru ndipo sindinakhumudwitse aliyense.

Anthu anabwera ochuluka kuposa mmene tinkayembekezera, ndipo panafunika kuteleka mphika wina waukulu wa nyemba. Mafuwa anaperewera. Azakhali a amuna anga, aNachisale, mayi wachikulire wosakonda kutuma ana pomwe miyendo yawo ilipo, ananyamuka okha kukafuna miyala. Posakhalitsa anabwera nayo iwiri, wina pamutu wina m'manja, akusekerera. "Taonani mafuwa abwino awa," anatero, "ngati wina anachita kutisungira." Inu owerenga, ine ndi amene ndinagwada n'kuwathandiza kuikhazika. Ine ndi amene ndinagwedeza mphika kuona ngati wakhala bwino. Pa mwala wina panali chidindo chakuda, cha mizeremizere. Ndinachiona. Kanthu kena kanandigunda mumtima, ngati mmene umamvera ukatuluka m'nyumba n'kumakayika ngati wazimitsa mbaula. Nthawi yomweyo wina anandiitana kuti ndikathandize kusankha mpunga, ndipo ndinapita.

Galimotoyo inaima choncho kwa nthawi ndithu, yogwidwa ndi giya yotopa ija yokha, mwana wanga ali mtulo mkati mwake.

Dzuwa litapendeka azibambo anabwerako kumanda. Anyamata ena ochokera ku Lilongwe, ana a alamu anga, anathamangira kugalimoto kukajambulitsa. Paliponse pomwe tinkapita zinkachitika zimenezi, ndipo ine zinkandisangalatsa. Awiri anakhala pa buti, wina anatsamira kumbuyo atapinda manja. Ndili ndi lichero m'manja, ndinamva kaphokoso kamodzi kouma, ngati khasu lagunda mwala. Nditadzutsa mutu ndinaona mthunzi wa mango ukuchoka pa denga la galimoto pang'onopang'ono.

Galimoto inayamba kuyenda ngati ng'ombe yomwe ikudzuka. Injini sinalire. Anyamata aja analumpha akuseka, ndipo anthu ambiri anaseka nawo. Azibambo angapo anathamanga kuti aigwire, ndipo pa liwiro limenelo akanaigwira, poti analipo ambiri. Koma amuna anga anakuwa kuti, "Isiyeni! Ikupondani, ndi chitsulo chabe chimenecho, isiyeni!" Anali kupulumutsa abale awo. Sankadziwa. Panalibe amene ankadziwa kupatula ine. Ndinaona azibambo aja akubwerera m'mbuyo, manja ali m'mwamba. Pomwe mawu anatuluka m'kamwa mwanga kuti muli mwana, galimoto inali itadutsa kale khola la mbuzi.

Kuseka kunatha ngati wina wazimitsa wayilesi. Chomwe chinatsala ndi phokoso la mapesi ouma akuthyoka. Galimoto inalowa m'munda, ikudumpha mizere umodziumodzi, kumbuyo kwake kukukwera ndi kutsika. Kulemera kuja komwe ndinkakukonda pamsewu, komwe kunkandichititsa kumva ngati palibe chingatigwedeze, ndi komwe kunkaikokera kumunsi. Inaboola mpanda wa dimba, inagwetsa nthochi, n'kukazika mphuno m'matope a m'mbali mwa kamtsinje.

Sindikumbuka mmene ndinatsikira mtsetse uja. Ndikukumbuka kuti nditafika amuna anga anali akulimbana ndi chitseko, ndipo mkati munali zii. Chete ameneyo sindimufunira mayi wina aliyense. Pampando panali chitenje chokha. Tadala anali pansi, atapanikizika pakati pa mipando, magazi akutsika pachipumi, mwendo utapindika molakwika. Atamutulutsa anatsegula pakamwa osatulutsa mawu. Kenako analira, ndipo ine ndinakhala pansi m'matopemo.

Amene anatithandiza ndi Che Saidi, mwini golosale ina pa Malomo, amene anabweretsa zakumwa ndi mipando pa pikapu yawo. Sanafunse zambiri. Anatsitsa makireti n'kutiuza kuti tikwere. Njira yonse yopita kuchipatala cha boma amuna anga sanandiyang'ane. Fupa la pantchafu ya Tadala linali litathyoka, pachipumi anasokapo. Tinakhala m'chipatala masabata angapo, kamwendo kake katapachikidwa m'mwamba, iye akundiyang'ana ngati akufunsa chifukwa chomwe sindikumunyamula.

ANachisale anabwera kudzationa. Mayi wamkulu ngati uja anagwada pansi pa simenti pamaso panga, mtengwa, n'kumati, "Ndapha mdzukulu wanga ndine, mundikhululukire amama." Ndinawadzutsa ndikulira. Iwo anatola miyala pansi pa galimoto yooneka yopanda munthu, monga mmene mayi aliyense wa kumudzi akanachitira mafuwa ataperewera. Akanadziwa kuti muli mwana, sakanayandikira n'komwe. Amuna anga nawo amadziimba mlandu chifukwa cha chingwe chija komanso mawu aja oti isiyeni. Kwa ine ananena chinthu chimodzi chokha, tili panja pa wodi: "Amake Tadala, mukanangondinong'oneza." Sanabwerezenso. Ndikanakonda akanandikalipira.

Tadala anachira, akuyenda, koma amatsimphina pang'ono. Adokotala akuti mwina zidzatha akamakula. Sanalonjeze. M'mawa uliwonse ndimamuyang'ana akuchoka pakhomo kupita pa mpopi, ndikuyesa kuona ngati lero kutsimphinako kwachepa. Akagona masana ndimapita kukaika dzanja pachifuwa chake, ngakhale ndikumuona akupuma.

Galimoto ija ikadali kudimba kuja. Mvula inabwera isanakokedwe, ndipo matope anaigwira. Anthu a pamudzipo akuti ili ndi ziwanda, ana amaopa kudutsa pafupi. Titapita kukaona apongozi mwezi wathawu ndinaiona kuchokera kumtunda, denga lake likuwala pakati pa nthochi. Ndikuuzeni zoona, ikadali yokongola. Ndinadzipeza ndikuiyang'ana monga kale, kenako ndinachita mantha ndi mtima wanga womwe. Bambo wina wa ku Lilongwe wakhala akuimba foni kuti akuifuna, akuti magalimoto otere sapangidwanso. Akunena zoona. Ndawapempha amuna anga kuti asaipereke asanamufotokozere bamboyo zonse, kuyambira za mayi wa ku Mulanje uja.

Inu owerenga, sindikuti magalimoto akale ndi oipa. Amene mumawakonda ndikukumvetsani, poti inenso anandikopa. Koma chinthu chikakhala chachikulu, cholemera, chooneka ngati nyumba, sindiye kuti chaima ngati nyumba. Ngati buleki ya galimoto yanu ndi mwala, konzani musanakwere nayo phiri, ndipo musaseke za izo ngati mmene ine ndinasekera. Inu amayi anzanga, musagoneke mwana m'galimoto n'kuchokapo, kaya ili pamthunzi, kaya mwatsitsa magalasi. Ndipo kulikonse komwe mwamugoneka, uzani munthu. Ngati simukufuna kuti amwetsedwe m'kapu ya wodwala, nenani mwaulemu pamaso pa apongoziwo. Akunenani kuti ndinu onyada, inde, koma zimenezo zimatha. Ine ndinaopa kunenedwa, ndipo azibambo omwe akanapulumutsa mwana wanga anabweza manja awo ndikuona.

Mukadzapeza mwala pansi pa tayala, ngakhale mafuwa ataperewera bwanji, usiyeni pomwepo. Simukudziwa amene wagona mkatimo.