Sitata ya a Gerishon

Ku Nsambe kulibe munthu wodziwa mitsetse ngati a Gerishon. Mukawafunsa zaka za ana awo ayamba akanda kaye m'mutu, koma afunseni malo otsetsereka kuchokera kwawo mpaka ku Boma, akulakatulirani ngati katekisimu. Nzeru zimenezi sanazitenge kusukulu ayi. Anaphunzitsidwa ndi kapikapu kawo konyamula kachewere, kamene sitata yake inafa mwana wawo wachisamba, Stelia, asanayambe n'komwe sukulu.

Wina akanapita nako kwa makaniko. A Gerishon anaona kuti chapafupi n'kusintha moyo wawo wonse. Anasiya mpingo wa makolo awo n'kulowa wina chifukwa tchalitchi chake chili pamtunda. Anzawo okhala kudambo anawataya. Ngakhale pamaliro, anthu ankadziwa kuti bambowa akafika msanga ngati siwa ili pachitunda, koma ikakhala kuchigwa ndiye kuti atumiza chipepeso basi. Mtsetse ukasowa panali banja: mayi Constance akazi awo, ndi ana.

"Sitata ndi ya anthu opanda ana," ankatero pamsika, n'kuseka okha.

Stelia anakulira kumbuyo kwa galimotoyo, utsi uli kumaso. Choncho Jimu, mnyamata wa ku Chifunga, atamufunsira ndipo zonse zitalongosoka, mtsikanayo anagwada pamaso pa bambo ake ndi pempho limodzi lokha.

"Ababa, sindikupempha zambiri. Tsiku la ukwati wanga ndisadzakankhe galimoto."

A Gerishon anadziguguda pachifuwa. Mwana wawo ankamukonda ndithu, zimenezo tisawanamizire. Analonjeza kuti sitata ikonzedwa sabata yamawa. Sabata yamawayo itafika inabereka inzake. Paja akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsiku litayandikira, bambowa anapeza nzeru imene kwa iwo inaposa makaniko aliyense: injini ikalira m'mawa pamtsetse wa pakhomo, sadzaizimitsanso mpaka ukwati utatha.

Ukwati unakadalitsidwa kwawo kwa mwamuna. Atangofika, a Gerishon anamwaza maso uku ndi uku monga mwa chizolowezi, kufunafuna mtsetse. Bwalo la tchalitchi linali lathyathyathya ngati mphasa, mchenga wokhawokha. Anaimika galimoto pafupi ndi zenera, ili ndi maluwa ndi nsalu zake, n'kuisiya ikulira.

Abusa anayesa kukweza mawu, koma malumbiro sankamveka ndipo utsi unayamba kutsokomoletsa a kwaya. Mkulu wina wa mpingo, munthu wachifundo wosadziwa kanthu, ananyamuka mwakachetechete kukathandiza mlendo amene waiwala kuzimitsa galimoto yake. Panja panangoti zii. Mpingo wonse unapuma bwino, kupatula anthu a ku Nsambe amene anangoyang'anana.

Mwambo utatha, akwati anakwera pakati pa nthungululu kuti apite ku madyerero. A Gerishon anapotokola kiyi ndi chikhulupiriro chimene analibe ngakhale m'tchalitchimo. Sitata inangoti kha, basi. Anayatsa nyali, zinayaka, kusonyeza kuti batire ilibe mlandu. Anaiweruzabe: anagogoda mitu yake ndi mwala, anaithira chakumwa chozizira chimene analanda kwa mlendo wina. Kha. Kenaka anakwawira pansi pa galimoto ndi suti yobwereka n'kuyamba kumenya sitata ndi sipanala yomasulira mateyala, ngati kuti chinthu chimene chinafa Stelia ali kamwana chingadzuke lero chifukwa cha manyazi.

Apa aliyense anasanduka makaniko. Wina anati ndi mawaya, wina anati tipemphere, mayi wina wakuchimuna ananong'ona mokweza kuti alipo amene sakuufunira zabwino ukwatiwu. Potsiriza a Gerishon anatuluka, mchenga uli m'tsitsi, nati: "Abale, tangoigwirani pang'ono."

Amuna a masuti anaigwiradi, koma ndi nsonga za zala, aliyense akusamala malaya ake. Galimoto inayenda pang'ono n'kutitimira mumchenga.

Chitseko chinatseguka. Stelia anatsika, Jimu ali pambuyo pake, anamupatsira maluwa, anavula nsapato, anakwinyira diresi loyera m'manja n'kupita kumbuyo. Amayi ake anamutsatira atamanga chitenje m'chiuno. Anthu awiriwa ataika mapewa, amuna aja anachita manyazi n'kuyamba kukankha zenizeni. Galimoto inathamanga, a Gerishon anasiya kilatchi, injini inatsokomola n'kulira, ndipo utsi wakuda unamuphimba mkwatibwi kuyambira velo mpaka kumapazi.

A Gerishon anapitirira osaima, chifukwa kwawo wokankha amathamangira galimoto n'kudumphira kumbuyo ikuyenda. Atayang'ana pagalasi anaona kuti palibe akuthamanga. Stelia anali ataima pambali pa mwamuna wake, akupukuta manja.

Bambowo anazungulira bwalo lonse n'kubwerera pang'onopang'ono, phazi lili pamafuta, nasuzumira pazenera.

"Kwera, mwanawe. Kwerani, apongozi."

Stelia anavala nsapato zake mosafulumira.

"Pitirirani, ababa. Mukaima izimanso, ndipo ine ndakwatiwa."

Akwati anapita ku madyerero wapansi, kwaya ikuwaimbira pambuyo. A Gerishon anatsogola okha ndi galimoto ya maluwa, mpando wakutsogolo uli wopanda munthu.