Timandasi ta agogo Selvi

Agogo Selvi ndimayamba kuwakumbukira ndi mphuno. Ukangotuluka mu lifiti pa fulo yathu, m'nyumba zazitali za ku Sighthill kuno kwa azungu, linkakulonjera fungo la nthangala za mpiru zikuthetheka m'mafuta, la anyezi, ndi la timasamba tina touma tomwe ankasunga m'chitini, ndipo kuseri kwa chitseko chawo kunkamveka mpeni ukugogoda pathabwa ndi wailesi ikuimba m'chilankhulo chomwe sindinkachimva. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, titangofika ndi amayi kuchokera ku Zomba. Agogowo anali ochokera ku Sri Lanka, ankakhala okha moyang'anana nafe, ndipo tonse tinkadikira mapepala otilola kukhala m'dziko lino.

Ndinali mwana wosalankhula. Chizungu cha kuno sindinkachimva, ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkathawira kwa iwo. Ankandikhazika pampando nkundipatsa mphodza kuti ndisankhe, iwo akukazinga timandasi tawo ta tsabola, toboola pakati, tomwe ankati vadai.

“Iwe sulankhula, ine sindimva,” anatero tsiku lina m'Chizungu chawo chothyokathyoka. “Tigwirizana.”

Loweruka limodzi pamwezi anthu akwawo ankakumana masana m'chipinda chachikulu cha pansi, aliyense ndi chakudya chake. Kumeneko kokha ndi komwe agogo ankacheza m'chilankhulo chawo. Ankaliyembekezera tsikulo ngati mwana, sari yawo, chovala cha kwawo, nkuisita kawiri. Ine ndinkawanyamulira mbale. Azimayi enawo ankawalonjera bwino ndithu, nkuwapatsa mpando. Koma mbale ija agogo ankaiika okha kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko, ndipo inkabwerera yodzaza. Wina ankati wakhuta. Wina ankati tsabola amamupweteka m'mimba, chonsecho akudya tsabola wa anzake.

Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi malowo, kuti mbale ili kutali ndi manja a anthu. Tsiku lina agogo akuvula jekete, ndinatenga timandasi tawo nkukatisanja bwinobwino m'thireyi yaikulu ya pakati, momwe munali kale ta mayi Vasanthi, amene ankatsogolera zonse.

Mayi Vasanthi anaona. Sanakalipe. Anamwetulira nkundisisita pamutu.

“Tazizira timeneti, mwana wanga. Ndikatenthetse.”

Ananyamula thireyi kupita nayo kukhitchini, ndipo sinabwerenso. Nditapita kukasamba m'manja ndinatipeza tonse m'bini, ta agogo ndi ta eni ake tomwe. M'chipindamo macheza anapitirira. Agogo anamwa tiyi wawo mpaka kumaliza, anatsanzika aliyense, nkutenga mbale yawo yopanda kanthu.

Titafika m'mwamba ndinawafunsa, “Agogo, ndalakwa chiyani?”

Anayamba atsuka mbaleyo, nkuipukuta, kenaka ndi pomwe anayankha.

“Kwathu ife ndife ochapa. Agogo anga ankachapira anthu ngati aja, amayi anganso chimodzimodzi. Zovala zawo tingazigwire. Chakudya ayi.”

“Koma kuno aliyense amachapa pa makina.”

“Makina alibe dzina la bambo ake. Ine ndili nalo.” Anaika mbale pa shelefu. “Ikakhala pakhomo paja, iwo amanamizira kukhuta, ine ndimanamizira kukhulupirira. Tinkakhala bwino choncho. Lero aliyense waona.”

Mwezi wotsatira sari inakhala m'kabati. Ndinawapempha kuti titsike, ndikapepese ine. Anandiyang'ana nkundifunsa, “Ukapepese kwa ndani?”

Nditawauza amayi, anamanga chitenje nkukagogoda kwa agogo.

“Odi agogo. Ndamva kuti kuno kuli timandasi tosowa wodya.”

Anadya tinayi ali chiimire m'khitchini, misozi ya tsabola ili chuchuchu, agogo akuseka mpaka kugwira khoma. Zinakhala choncho Loweruka lililonse. Koma amayi sankadziwa ngakhale liwu limodzi la kwawo kwa agogo. Mpaka tsiku lomwe agogo anawasamutsira kutauni ina, nyumba zazitali zija zisanagwetsedwe, sindinawamvenso akucheza ndi munthu m'chilankhulo chawo. Ankangoyankha wailesi. Sanandikwiyire tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo chimenecho ndi chomwe chimandilemera.

Pano ndimakhala ku Dennistoun ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. Manyazi sanandichoke. Kutchalitchi kwathu tikamadyera limodzi sindilankhula zambiri pakati pa anthu a madigiri. Ife tilibe mwambo wa ochapa, koma ndimaona kuti miphika ina imatha msanga, ina nkumangodutsidwa, malingana ndi dzanja lomwe laphika. Kusuntha mbale ya munthu ndinaleka. Ndimapita ndekha komwe ili.

Lamlungu lapitali panali mphika wa nyemba womwe palibe anautsegula, wa mayi wina watsopano amene amakolopa m'maofesi. Anaima pafupi nawo akunamizira kuyang'ana foni. Ndinatenga mbale ziwiri, yanga ndi ya mwana.

“Ndingapakuleko, mayi?”

“Pakulani, achemwali. Koma mwina mchere wachuluka.”

Unalidi wochuluka. Mwana anakwinya nkhope nkukankhira mbale yake kwa ine. Ndinadya zonse ziwiri pomwepo, pafupi ndi mayiwo, kenaka ndinakapakulanso.