Zibakera za ku Amereka, manja a pa pompi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatchuka pa sukulu yathu ku Mtendere kuti ndine katswiri wojambula. Linali bodza, ndipo bodzalo linachokera m'thumba la jekete.

Azakhali amene ankandilera ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pa msika wa Kaunda Square. Tsiku lina akumasula belo anapeza kabuku kopindika m'jekete lochokera ku Amereka. Kanali komiki, nkhani yosimbidwa ndi zithunzi m'timabokosi. Chikuto ndi tsamba loyamba zinali zitathothoka. Anandiponyera kuti ndikolezere mbaula, koma ine ndinakabisa m'chikwama cha kusukulu.

M'menemo munali chimunthu cha minofu yotupa, chouluka pamwamba pa nyumba zosanja n'kumamenya adani ake. Chingerezi chake chinkandipita pambali, koma zithunzizo ndinkaziyang'ana mpaka maso kuwawa. Kodi anajambula izi ndi munthu weniweni, wodya ndi kugona ngati ife? Anaphunzira kuti? Amayi ake sankamukalipira kuti akutha mapepala?

Kenako ndinatulukira nzeru yakuba. Ukapaka saladi, mafuta ophikira aja, pa pepala la m'kope, pepalalo limaonekera. Ndinkaliika pamwamba pa komiki n'kutsata mizere, kenako n'kusamutsira pa pepala loyera nditalitsamiritsa pa windo. Anzanga ankalimbirana zithunzizo. Anyamata amene ankati mtsikana sangajambule anatseka pakamwa. Ine sindinaulule chinsinsi changa, poti kutamandidwa kumakoma.

Mvula itayamba, matenda otsegula m'mimba anavuta m'komboni. Lolemba lina aphunzitsi athu, Mayi Zulu, anandiitana kutsogolo kwa kalasi.

"Tisa, ba hedi bafuna chithunzi pa chipupa cha ku toileti, munthu asamba m'manja. Nabauza ati tili naye wathu. Pa Chisanu chinkhale chasila."

Anzanga anaomba m'manja. Khoma suliika pa windo. Lachisanu sukulu yonse idzadziwa kuti Tisa ndi wakuba mizere.

Titaweruka ndinathamangira kwa a Saidi, Msilamu wolemba zikwangwani za timagolosale ndi masaluni, amene makolo awo anachokera ku Malawi. Ankajambula malemba, mabotolo, lumo ndi nsapato, koma nkhope ya munthu ayi, ankati mtima wawo suwalola. Ndinawapeza akusungunula penti m'kachitini. Ndinawaululira zonse, misozi ili pafupi, ndipo ndinawapempha njira yokuzira chithunzi cha m'buku kuti chikwane pakhoma.

"Njira iliko, ni yosavuta," anatero. "Manje nionetse, pali pati apa munthu asamba m'manja?"

Ndinatsegula tsamba ndi tsamba. Chibakera. Chibakera china. Chimunthu changa chija sichinatambasule dzanja ngakhale kamodzi. Ndinalibe choti ndibe.

A Saidi anaseka mpaka kutsokomola, koma bukulo sanandibwezere msanga. Analiyandikiza kumaso, chala chawo cha penti chikuyenda m'mbali mwa timabokosi, kumene ine ndinali ndisanayang'anepo.

"Ona aka kankhalamba kanyamula chola. Ona futi apa, ni kameneka. Na apa. Uyu muzungu wojambula amakaziba aka. Kapena ni bamake, kapena ni ba neba. Uyu wouluka anamuchosa mu mutu, koma aka anakaona na menso. Iwe mwana wanga, waonapo ndani?"

Ndinayang'ananso m'bukumo. M'khamu lililonse la anthu othawa, gogoyo analipodi, phewa limodzi lotsika chifukwa cha chola, nsapato yopindika kuchidendene. Kwa nthawi yoyamba ndinamuona wojambulayo ngati munthu wokhala pa mpando, msana ukuwawa, akukumbukira wina wake.

Masiku atatu otsatira ndinkakhala pa pompi ya m'dera lathu ndi kope ndi pensulo. Manja ndi ovuta, anthuni! Sakhazikika, ndipo zala zanga zonse zinkatuluka ngati chinangwa. Amayi otunga madzi ankandiseka: "Uyu mwana wa ba salaula afuntha, ayangana chabe manja ya banthu." Amene ndinkawayang'ana kwambiri anali amake Mercy, ogulitsa vitumbuwa, chifukwa ankasamba mwa iwo okha. Ankawerama miyendo ili tang'a kuti madzi asawathire chitenje, chigongono china chili m'mwamba.

Lachinayi masana ndinapenta khoma ndi penti imene a Saidi anandigawira. Lachisanu anzanga anaunjikana pakhomapo. Mnyamata wina dzina lake Mabvuto anayamba: "Ivi sivilingana na vija vakudala. Vija unali kukopa, ayi?"

"Ee, ninali kukopa," ndinatero. Mawu anatuluka ang'ono, koma anamveka. Ena anaseka, ena anakuwiza, Mayi Zulu ali pomwepo. Manyazi amenewo ndimawamvabe mpaka lero.

Pomwepo kamwana ka giredi wanu kanadzipanikiza kutsogolo, kanaloza khoma n'kukuwa: "Aba ni bamake Mercy!" Nkhope sinafanane n'komwe, zala zinali zisanu ndi chimodzi dzanja lina, koma kaweramidwe kanali kawo. Pofika madzulo amake Mercy anabwera okha kudzadziona. Anaima manja m'chiuno, nati ndawanenepetsa, koma anaitana anzawo awiri kuti adzaone.

Lero ndimajambula zithunzi za m'mabuku a ana asukulu. Dzina la wojambula wa ku Amereka uja sindinalidziwe, ndipo sindidziwa ngati anatchuka kapena anangokalamba pa tebulo lake. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti miyezi yonse ija ndinkaba mizere yake, pamene chuma chake chenicheni chinali maso. Zithunzi zanga zakuba zinali zokongola, koma palibe anazipatsapo moni. Koma chithunzi choipa chija cha pakhoma la chimbudzi, anthu ankadutsa n'kuchifunsa kuti vitumbuwa vapsa kale.